Gin Wotchipa, Ine ndi Chitipa

Pali matenda amene amagwira munthu wakumudzi akakhalako pang'ono m'tauni, ndipo ine anandilowa mpaka m'mafupa. Kwathu ndi ku Dowa, kumene ndinakula ndikudziwa mitundu iwiri yokha ya mowa, wamasese ndi kachasu, koma tsiku lina ku workshop pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, bambo wina wa suti yabwino anandigulira tambula ya Malawi Gin ndi tonic, uja odziwa zinthu amangoti MGT, muli ayisi ndi kachidutswa ka ndimu kakuyandama, ndipo pofika pansi pa tambulayo ndinali nditasanduka expert. Ndinayamba kumakweza tambula m'mwamba n'kumayang'ana pa kuwala, kumanunkhiza, kumagwedeza mutu pang'onopang'ono, kumanena kuti "smooth" kwa aliyense wokhala pafupi, ngakhale amene sanandifunse. Zimene amapangira gin sindinkazidziwa, ndipo sindinkaona chifukwa chozidziwira.

Ntchito itandiponya ku Chitipa ndinanyamula ukatswiri wangawo pamodzi ndi matiresi ndi mapoto. Amene simunafikeko, kuno ndi kumene Malawi amathera: ukalowera uku wagwera mu Tanzania, ukalowera uko wagwera mu Zambia, ndipo azungu a kale ankangoti Fort Hill. Pamsika pa boma umamva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, Chiswahili ndi Chibemba usanamalize kugula tomato, ndipo ine mwini Chichewa chokha ndi Chingerezi cha ku workshop ndimangomwetulira n'kumavomera zilizonse, khalidwe limene landidyera ndalama kuposa mowa weniweniwo.

Malawi Gin amapangidwa ku Blantyre kuyambira 1965, ndipo masiku ano ali m'manja mwa Castel, imene inagula Carlsberg Malawi mu 2016. Kuti botolo lake lindipeze kuno liyenera kudutsa Zalewa, Lilongwe, Jenda, nkhalango ya Chikangawa, Mzuzu, kutsika Chiweta, kufika Karonga, kenako n'kuyambanso kukwera mapiri pa msewu wa phula uja anamanga anthu a ku China, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000, ndipo botolo loyenda chonchi silifika lotchipa. Ndiye kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, koma salary yanga sinamve nawo nkhaniyo. Kumwera ku bala kunakhala kosatheka. Munthu wanzeru akanangoti basi, tiyeni ku tiyi. Ine ndinatenga pepala ndi bolopeni.

"Mayi ake, takhalani pansi ndikuonetseni masamu."

"Bambo ake, masamu anu a nkhuku zamazira aja anatha bwanji?"

Funso limenelo ndinalidumpha. Ndinawafotokozera kuti botolo lalikulu ndi 750 ml, toti imodzi ya ku bala ndi 25 ml, choncho botolo limodzi ndi matoti 30, toti imodzi madzulo alionse, mwezi wathunthu watha, bambo ali pakhomo, ana akuwaona, ndalama yasungika. Masamuwo analibe vuto, ndipo ndikuwaikirabe kumbuyo mpaka lero. Chimene sindinachiike papepalapo n'chakuti kunyumba kulibe kachitsulo koyezera kaja ka ku bala, ine ndinkayeza ndi maso m'kapu ya tiyi, ndipo maso anga ndi opatsa, komanso expert sangamwe yekha popanda womuona, ndiye ndinaitana aneba a kumanja kuti adzalawe, iwo anabwera ndi mlendo wawo wochokera ku Kameme, mlendoyo anati sakonda zowawa koma angoyesako, anayesako kangapo, ndipo botolo la mwezi wathunthu lija limene linalowa m'nyumba Lachisanu linatuluka Lamulungu m'mawa lili m'manja mwa mwana wanga wamng'ono akuthiramo madzi osewerera.

Apa m'pamene ndinagamula kuti vuto ndi mtengo wa botolo, osati dzanja lothira, ndipo ndinayamba ntchito yosaka gin wotchipa koma wabwino, amene Angerezi amati value for money, mawu amene ndinkawanena pafupipafupi mpaka ana anayamba kunditchula choncho ndikatembenuka.

Koma ndisanafike pa gin, tonic inayamba yandigwetsa. Sindinkaipeza pa okala iliyonse, ndipo ndikaipeza ndinkaona kuti ikudya budget, ndiye ndinayamba kufufuza zolowa m'malo mwake. Ndi Sprite zinkayenda koma shuga wake ankandipatsa ludzu. Ndi Fanta mtundu unkandichititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndi Sobo wa malalanje ndinaiwala kuti Sobo amafuna madzi. Tsiku lina, poti kuno mawere ndi ambiri ndipo thobwa lake n'labwino kwambiri, ndinaganiza kuti palibe munthu anayesapo gin ndi thobwa chifukwa anthu saganiza mozama, ndipo ndikutha kukuuzani tsopano kuti anthu amaganiza mozama ndithu. Ndinaonanso pa Facebook azungu akuika nkhaka mu gin. Nkhaka ndinalibe, koma kudimba kwa aneba kunali zipwete, ndipo madzulo onse ndinakhalira kulavula njere.

Ayisi ndiye anandivula ulemu wotsala. Kathireyi kopangira ayisi ndinalibe, choncho ndinathira madzi m'kontena imene ndinaipeza pa thandala, osafunsa kuti munkakhala chiyani, ndipo munkakhala usipa, kotero kuti mlendo wanga woyamba wolemekezeka, mkulu wina wa kuntchito, anamwa gin wonunkha Nkhata Bay uku akuyang'ana kudenga mwaulemu. Ulendo wina ndinaika botolo la tonic mufiriza kuti lizizire msanga, ndinati mphindi khumi zokha, ndinayamba kumvera mpira pa wailesi, ndinagona pampando, ndipo pakati pa usiku kunamveka kuphulika kukhitchini, ine n'kudzambatuka, n'kutenga chikwanje, n'kukuwa kuti akuba, aneba n'kutuluka ndi matochi ndi zibonga, agalu a mzere wonse n'kuyamba kuuwa, ndipo tonse pamodzi, ine patsogolo ndili ndi kabudula wogonera, tinakatsegula firiji n'kupeza magalasi ali mbwee pa nyama ya mbuzi imene mayi a kunyumba anasungira alendo a Loweruka. Unali mwezi wa June, ndipo amene amaidziwa mphepo ya Chitipa nthawi imeneyo akudziwa kuti tonicyo ndikanangoisiya pakhonde.

Anzanga a kuntchito ankanena nthawi zonse kuti tsidya la mtsinje wa Songwe, ku Isongole m'dziko la Tanzania, zinthu n'zotchipa, ndipo anthu a kuno amapitako kukagula zitenje, mafuta ophikira, nsapato ndi zina zotero. Loweruka lina ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kulowera ku Mbilima, osauza munthu, nditavala jekete lalikulu la kaunjika limene ndinalisankha dala chifukwa cha matumba ake. Pachipata ndinasintha makwacha kukhala mashilingi, ndipo wosinthayo atanditchulira mtengo ndinawerengera m'mutu mofulumira kuti aone kuti sindine mlendo, ndinachulukitsa pamene ndimayenera kugawa, ndipo ndinamuthokoza ndi "asante" wamphamvu chifukwa cha ndalama imene mpaka lero sindidziwa ngati inali yokwana. Ndinapangana ndi wakabazayo kuti andidikire mpaka 3 koloko.

Mushopu yoyamba ndinati "gin", mayi wogulitsayo anandipatsa Konyagi, botolo lija lili ndi chithunzi cha mikono iwiri yotukula kuonetsa mphamvu. Ananena zinthu zingapo m'Chiswahili, mwina ankandifotokozera zimene ndinadzazidziwa pambuyo pake, zoti Konyagi, amene amapangidwa ndi Tanzania Distilleries, eni ake samutchula gin, ndi mowa woyera wa nzimbe wa 35 peresenti pamene gin wa mtundu wa London saloledwa kutsika pa 37.5, choncho ukamayerekeza mitengo uyenera kuonanso mphamvu yake, osati kukula kwa botolo kokha. Ine ndinangoti "sawa, sawa" ndi nkhope ya munthu amene amadziwa zonsezo kuyambira ali mwana. Kunena zoona Konyagi alibe mlandu, ndi tonic ndi ndimu amayenda bwino, koma tsiku limenelo sindinapeze mwayi wodziwa zimenezi.

Botolo silinakwane m'thumba la jekete. Poti ndinali nditadziuza kale kuti ndikuchita zozembetsa, ngakhale panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anali ndi chidwi ndi botolo limodzi la bambo wovala jekete dzuwa likuswa mtengo, ndinalilowetsa m'chiuno, kutsogolo, n'kumanga lamba, nditayamba ndatsegula chitsekero kuti ndinunkhize ngati mmene expert amachitira. Kenako ndinayang'ana foni: 3 koloko yadutsa. Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndipo foni yanga, imene ndi yanzeru kuposa mwini wake, inali itasintha yokha nthawi itagwira network ya tsidyalo, koma ine zimenezo sizinandibwerere, ndinangoona ndikugona kumalire wopanda bulangete, ndiye ndinauyatsa liwiro kulowera kumlatho, dzanja limodzi litagwira m'chiuno, lina likukupiza m'mwamba, chitsekero chimene sindinamange bwino chija n'kumasuka, ndipo ndinamva kuzizira kukutsika ndi mwendo wamanzere, kulowa m'sokosi, kudzaza nsapato, kotero kuti pofika tsidya lino thalauza langa la khaki linali ndi mapu aakulu kutsogolo, pamalo pamene palibe munthu angakhulupirire kuti ndi mowa wotayika. Wakabaza uja ndinamupeza ali mtulo pansi pa mtengo, ola lathunthu lidakalipo. Pambali pake panaima mkulu wa mpingo umene mayi a kunyumba amaimbako kwaya, atanyamula mtolo wa zitenje za amayi a chigwirizano.

"Bambo, mwaswera bwanji? Kunyumba ali bwanji mayi?"

Sanayang'ane pansi ngakhale kamodzi. Ulemu umenewo ndi umene unandipweteka kwambiri. Ndinayamba kufotokoza za nthawi ya Tanzania ndi ya Malawi, za 35 peresenti, za value for money, fungo likufotokoza zake, ndipo iwo anangoti "Ambuye akutsogolereni" n'kusuntha pang'ono kuti mphepo isachokere kwa ine. Ndinafika kunyumba ndi botolo lotsala pang'ono pansi ndi fumbi lofiira litamatirira pa mapu aja, nkhani itafika kale.

Za ku Nakonde, ku Zambia, ndinena mwachidule chifukwa zimandiwawabe. Ndinatsagana ndi mnzanga amene ankakagula zipangizo za galimoto, ndipo mushopu ina yaikulu ndinaona botolo la Gordon's, gin wa ku London amene anayamba mu 1769, pansi pake pali kapepala ka mtengo kolembedwa K ndi manambala atatu okha. Mtima unagunda. Ndinaitana mnyamata wa mushopumo mokweza, kuti ndi ena omwe amve, n'kumuuza kuti anditsitsire katoni yonse. Anzathu a ku Zambia nawo ndalama yawo ndi kwacha, koma iwo anachotsako maziro atatu mu 2013, ndipo kwacha yawo imodzi imameza zathu makumi angapo, zinthu zimene mwana wasukulu aliyense wa ku Chitipa amazidziwa. Mtsikana wa pa till anayang'ana ndalama zanga, anayang'ana katoni, anandiyang'ana ine, ndipo mnyamata uja anabweza katoniyo pashelefu mwakachetechete, pang'onopang'ono, pamaso pa mzere wonse. Ndinagula paketi ya mabisiketi kuti ndisatuluke chimanjamanja.

Zitatero ndinatsika pansi. Kale kumalire kuno mowa wa m'masacheti unali paliponse, ndipo mayiko onse atatu anachita kuuthamangitsa: Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, Malawi inaletsa masacheti mu 2015, Tanzania inaletsa viroba mu 2017. Koma ludzu la mowa wotchipa silinaletsedwe, linangosamukira m'timabotolo tapulasitiki, ndipo tina mwa ito timalembedwa kuti gin. Ndinagula kamodzi, usiku, nditayang'ana uku ndi uku, n'kukathira mu tambula yanga yabwino ndi ayisi ndi ndimu ngati kuti ulemu wa tambula ungasinthe zimene zili m'kati. Ndinamwa osadya, Lamulungu, kuli msonkhano wa kuntchito m'mawa mwake umene ine ndinali wolemba maminitsi. Maminitsi amenewo alipo m'faelo, ndipo tsamba lachiwiri lili ndi mzere umodzi wotsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pamenepa sindiseka kwambiri, chifukwa mu 2024 ku Blantyre anthu anamwalira atamwa mowa uja amautcha "ambuye n'tengeni", ndipo ine ndi tambula yanga yabwinoyo ndinali pa msewu womwewo, kungoti ndinavala tayi. Njira imeneyo ndinaisiya ndekha, popanda wondikalipira.

Ndiye ndinachita chimene ndimayenera kuchita poyamba penipeni: ndinagula bundle n'kufufuza pa intaneti kuti gin n'chiyani. Zinandidabwitsa kuphweka kwake. Ndi mowa woyera wopanda fungo, wonga umene kwathu kuno amatcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe, monga amachitira ku Dwangwa kuyambira 1982, umene amautchezanso kachiwiri pamodzi ndi tizipatso ta mtengo wotchedwa juniper, n'kuwonjezera njere za coriander, muzu wa angelica ndi makoko a mandimu kapena malalanje. Juniper ndiye mwini nkhani. Popanda iye si gin. Ndinawerenganso kuti ena kunyumba amangoviika zinthuzi mu vodka kwa masiku ochepa n'kusefa. Ndipo nditawerenga kuti pa phiri la Nyika, limene mbali yake ina ili m'boma lathu lomwe lino cha ku Nthalire, pali kankhalango ka mitengo ya juniper ya mtundu wa ku Africa, Juniperus procera, ndinaimirira pabalaza n'kulengeza kwa banja lonse kuti Mulungu sananditumize ku Chitipa pachabe.

Ku Nyika sindinapite. Ndi paki yotetezedwa, suthyolamo kanthu, ndi kutali, komanso juniper amene amaika mu gin ndi mtundu wina, Juniperus communis wa kumayiko ozizira, ndime imene ndinaidumpha powerenga chifukwa ndinali nditasangalala kale. Koma ndinaona mzere wina wonena kuti juniper ndi pachibale ndi mitengo ya cypress, ija timaitcha mkungudza, ndipo mkungudza ndi umene wazungulira mpanda wa kuseri kwa nyumba yathu, uli ndi tizipatso tozungulira tambirimbiri tongogwa pansi popanda wotola. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinatola chipewa chodzaza.

Ndinagula botolo la vodka, limene mtengo wake sunasiyane kwenikweni ndi wa gin amene ndinkamuthawayo, koma zimenezi ndinaziika m'gulu la investment. Coriander sindinamupeze, koma paketi ya curry ya kukhitchini inalembedwa kuti muli coriander, ndiye ndinathira masupuni awiri. Angelica sindinkadziwa kuti n'chiyani, koma poti ndi muzu, ndipo jinja nayenso ndi muzu, ndinasinja jinja. Makoko a lalanje ndinaika ndi choyera cham'kati chomwe. Zonsezi ndinazitsekera m'chigubu n'kuzibisa pansi pa bedi, ndipo usiku uliwonse ndinkagwada n'kukhutchumula chigubucho uku ndikuganiza dzina la kampani ndi mtundu wa galimoto imene ndidzagule. Potsegula munatuluka madzi achikasu, chikasu cha curry chija, okhala ndi mafuta oyandama pamwamba, ndipo nditasefa ndi kansalu, n'kuthira mu tambula, n'kukweza m'mwamba, n'kununkhiza, n'kumeza, kukoma kwake kunali ngati kunyambita bokosi lamaliro latsopano limene wina wadyerapo mpunga wa nkhuku. Ana anali akundiyang'ana. Ndinati "smooth", misozi ikutsika, n'kumezanso kachiwiri kuti asaone ngati bambo awo alephera.

Nditameza kachiwiriko m'pamene ndinabwerera pa foni kukawerenga ndime zimene ndinadumpha, n'kupeza kuti m'banja lomwelo la mitengo muli ina yapoizoni ndipo munthu sayenera kuviika chilichonse chimene sakuchidziwa bwino, ndiye ndinayamba kumva dzanzi m'milomo, kenako m'zala, kenako ndinaona ngati mtima ukudumpha, ndinadzutsa mayi a kunyumba pakati pa usiku n'kuwagwira dzanja, n'kuwauza PIN ya ku banki, n'kuwauzanso za ngongole ya kwa wokatapira imene sankaidziwa, ndi ndalama yeniyeni imene inapita pa ulendo wa ku Isongole, ndi zoona zake za nkhuku zamazira zija, n'kuwapempha kuti akandiike ku Dowa pafupi ndi agogo. Iwo anandipatsa madzi, anandigwira pachipumi, anati tidikire pang'ono tikaona zikusintha tipita kuchipatala. Kunacha ndili moyo, wamphamvu, wanjala, ndipo zonse zimene ndinaulula zinali zitalembedwa m'kope. PIN ija sindinathenso kuisintha popanda kufotokoza chifukwa. Gin wa kampani yanga anathera pa nyerere za pakhonde, ndipo pa ntchito imeneyo anachita bwino.

Pa nthawi yonseyi panali chinthu chimodzi chimene ndinkanyadira, chimene ndinkachiphunzitsa aliyense wokhala pakhonde langa: kuti tonic ndi mankhwala a malungo. Mbiri yake ndi yoona. Kuwawa kwa tonic kumachokera ku kwinini, wa m'makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo asilikali a Britain ku India ankamusakaniza ndi madzi, shuga ndi gin kuti amezeke. Ngakhale David Livingstone ankayenda ndi kwinini m'maulendo ake kuno. Ine ndinatenga mbiriyo n'kupinda neti n'kuiika m'sutikesi, ndipo nditapita ku Karonga, kumene udzudzu suchita manyazi, ndinagona chosafunda nditamwa MGT awiri ngati katemera. Chimene sindinawerenge n'chakuti tonic ya masiku ano ili ndi kwinini wongokometsera, ku America saloleza kupyola 83 mg pa lita, pamene munthu wamkulu wodwala ankapatsidwa 600 mg katatu patsiku, kutanthauza malita oposa 20 a tonic tsiku lililonse. Patapita sabata ndi masiku ndinali pa benchi ya kuchipatala ndikunjenjemera ndi jekete la ku Isongole lija.

"Bambo, mumagona m'neti?" anafunsa adokotala, mtsikana wa msinkhu wa mwana wa achimwene anga.

"Ayi, koma ndimamwa tonic."

Anasiya kulemba. Anaitana mnzake wa chipinda china kuti ndibwerezenso. Anandipatsa LA n'kundiuza kuti mowa ndiuiwale kaye, ndipo potuluka ndinamva kuseka kumene anayesetsa ndithu kukubisa.

Nditachira kunabwera alamu anga amene amagwira ntchito ku Karonga, munthu wofatsa, womwa mwakachetechete, atanyamula kabotolo ka gin wakunja kamene anapatsidwa ndi bwana wawo. Nkhani zanga zonse anali atazimva kwa mlongo wawo, koma anangoti, "Alamu, inu ndinu odziwa, tatiyeni tione kuti wabwino ndi uti." Ndinavomera msanga kwambiri. Ndinagula Malawi Gin ndi ndalama ya nsapato za sukulu, ndikulonjeza kubweza, ndipo alamu anatuluka pang'ono n'kubwera ndi Konyagi amene anamugula pa shopu ya pa boma pomwepa, imene ndimaidutsa tsiku lililonse popita kuntchito. Zimenezo sitinazikambe. Aneba a kumanja anabwera, a kumanzere anabwera, ngakhale mkulu wa kuntchito wa usipa uja anabwera atafunsa kaye za ayisi. Tinagwirizana kuti mayi a kunyumba athire kukhitchini m'matambula anayi ofanana, tonic yofanana, ndimu wofanana, ine ndilawe osadziwa, ndinene dzina ndi malikisi.

Yoyamba ndinakweza, ndinanunkhiza, ndinamwa theka, n'kunena kuti uyu ndi Konyagi, akumveka nzimbe, alibe juniper, ndi wa anyamata. Yachiwiri ndinakwinya nkhope n'kunena kuti awa ndi a m'timabotolo tapulasitiki aja, wina akufuna kundiyesa, ndipo ndinapereka kaphunziro kakafupi ka kuopsa kwa mowa wosadziwika uku ndikumaliza tambulayo. Yachitatu ndinati ndi Malawi Gin, ndingamudziwe ngakhale ndili mtulo, wabwino ndithu koma wamba. Pofika yachinayi lilime linali litalemera pang'ono ndipo mtima unali utapepuka kwambiri, ndinamwa, ndinatseka maso, ndinakhala chete kuti anthu adikire, kenako ndinaimirira n'kunena kuti abale anga, uyu ndiye gin, uyu ndi London weniweni, tamverani mmene juniper akubwerera kumapeto, tamverani kuyera kwake, sakupsereza pakhosi, munthu ungamwe usiku wonse mawa n'kupita kuntchito bwinobwino, uyu ngakhale atadula bwanji ndiye value for money, ndipo ndinamupatsa 10 pa 10 n'kupempha kuti andiwonjezere.

Mayi a kunyumba anabwera ndi kope lija, lomwe lija la PIN, n'kuwerenga mosathamanga. Yoyamba inali gin wakunja wa alamu. Yachiwiri inali Malawi Gin. Yachitatu inali Konyagi.

"Nanga yachinayi, mlongo?" anafunsa alamu, ngakhale ndikukhulupirira kuti ankadziwa.

"Mabotolo analipo atatu, achimwene. Yachinayi ndinangothira tonic ndi ndimu."

Mkulu wa kuntchito uja anatsamwa mpaka anachita kumumenya pamsana. Ndinayesa kunena kuti tambulayo mwina inali ndi fungo lotsalira, koma mwana wanga wamkulu anati anaitsuka yekha ndi sopo. Mabotolo atatu aja anawamaliza alendowo usiku womwewo, akuyamikira kwambiri wachiwiri uja, ine akundithirira tonic ndi ndimu nthawi iliyonse tambula yanga ikatsika, ati poti ndi amene ndinamupatsa 10, ndipo m'mawa mwake alamu, ponyamuka, anandikokera pambali n'kundipempha ndiwabwereke ya minibasi yobwerera ku Karonga.